Achimwene Abwera ndi Masaya Awo

Mayi anaponya chipande pansi, nthungululu ili pakamwa. Achimwene anali atangotsika kabaza pa Kawale 2, chikwama paphewa, masaya atabwerera, lamba atamumasula mabowo awiri. Ana a m'nyumba zoyandikana anathamangira kudzaona chomwe chavinitsa gogo masana dzuwa lili paliwombo.

Zaka ziwiri m'mbuyomo achimwene omwewa anafika kuchokera ku Joni ali ngati bango. Chifuwa chosatha, milomo youma, nsima mbamu ziwiri basi. Amamwa ma ARV, ndipo m'banja mwathu sitibisa. Vuto silinali mankhwalawo ayi, linali mtunda. Botolo timalitumiza ndi anyamata onyamula katundu pa basi, lidutse Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, kenako Johannesburg. Basi ikachedwa, iwo amadumphitsa masiku kuti mapiritsi afike kumapeto kwa mwezi. Kuchipatala cha komweko amaopa kupita, poti mapepala awo anali osalongosoka, komanso abwana a pamalo omanga nyumba sadikira munthu amene wakhala pamzere tsiku lonse.

Amene anatembenuza zinthu ndi anesi a kuchipatala chathu konkuno. Sanawakalipire. Anatsegula buku lakuchipatala, nafunsa funso limene ife abale sitinaliganizire: "Bambo, mukubwerera liti, ndipo mubweranso liti?" Anayeza magazi, napeza kuti tizilombo tachuluka. Anawauza mosapsatira kuti ulendo udikire miyezi itatu, azimwa piritsi limodzi tsiku lililonse nthawi yofanana, kenako ayezetsenso. Achimwene anang'ung'udza, ndalama ya lendi ikuwawawa, koma anakhala.

Magazi achiwiri anatuluka bwino, tizilombo titagona tulo! Apa m'pamene khomo linatseguka. Kuyambira mu 2019, dziko lathu limalola kuti munthu amene thupi lake lakhazikika alandire mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Kwa munthu wa ku Biwi kapena Chinsapo, kumeneko n'kupulumutsa ndalama ya minibasi chabe. Kwa wa ku Joni ndi moyo weniweniwo: abwere pa Khrisimasi, abwerenso mu Juni, pakatipa mtima uli m'malo. Anesi aja analembanso kalata yofotokoza mankhwala amene akumwa, yoti akaonetse kuchipatala chilichonse zikavuta. Anawayeza BP, naipeza yokwererapo, nawaletsa mchere wothira pambale. Foni anawatcherera alamu ya 8 koloko usiku ndi manja awo.

Ine ndimati anamwino athu sitiwatamanda mokwanira. A Lighthouse Trust, aja a pa Kamuzu Central Hospital ndi pa Martin Preuss Centre ku Bwaila, anaona kale kuti namwino akhoza kunyamula mankhwala kukapereka m'madera momwe anthu akukhala, odwala osapita kukadikira dokotala. Nzeru yake ndi yomweyi: kufunsa kumene munthu akukhala ndi mmene akupezera chakudya, chithandizo n'kumutsata kumeneko.

Madzulo a tsiku lija achimwene anamaliza mbamu zinayi za nsima ya chambo. Alamu italira, anatulutsa botolo pamaso pa tonse, nameza piritsi ndi madzi a mumtsuko. Atatero anatembenukira kwa mayi: "Amayi, malata aja ndagula. Mawa tiyambe kufolera."