DVR ikungozima n'kuyakanso yokha? Musafulumire kugula ina

Makamera achitetezo masiku ano si a kubanki kokha ayi. Ali m'magolosale, m'mashopu a mafoni, ngakhale pamageti a nyumba za anthu. Koma kamera ndi diso chabe. Chimene chimasunga zonse zimene disolo laona ndi kabokosi kaja kamakhala pansi pa kauntala kapena pamwamba pa kabati, kotchedwa DVR.

Kabokosika kakayamba kumangozima n'kuyakanso kokha, ambiri sadandaula chifukwa zithunzi zimabwereranso pasikirini. Vuto ndi loti nthawi yonse imene kakudzuka, mwina mphindi imodzi kapena ziwiri, palibe chikujambulidwa. Komanso kakazima mwadzidzidzi kali mkati mosunga vidiyo, vidiyoyo ikhoza kuwonongeka. Ndiye tsiku limene akuba athyola shopu, apolisi n'kufunsa kuti tione zimene makamera anajambula, m'pamene mumazindikira kuti pa ola lenilenilo palibe kanthu.

Ngati inu ndi amene makolo amakuitanani chilichonse cha magetsi chikavuta pakhomo, nazi njira zofufuzira, kuyambira zosalira ndalama.

Yambani ndi kufunsa: imazima nthawi yanji?

Musanagwire waya uliwonse, tengani masiku awiri mukulemba mufoni nthawi imene yazima. Mukhozanso kulowa mu menu n'kutsegula pamene palembedwa Log, pomwe makinawa amalemba okha nthawi imene anazima ndi kuyaka.

Ikamazima tsiku limodzimodzi sabata iliyonse, pa ola lomwelomwelo usiku, mwina palibe chawonongeka. Ma DVR ambiri ali ndi malo olembedwa Auto Reboot kapena Auto Maintain, pomwe amauzidwa kuti azidzizimitsa okha kamodzi pasabata. Apa mungosintha nthawiyo kapena kuchotseratu. Koma ikamazima dzuwa likangolowa, kapena masana kukatentha, kapena filiji ikangolira, chimenecho ndi chizindikiro, ndipo tichifotokoza m'munsimu.

Woyamba kumukayikira ndi adapta

Ma DVR ang'onoang'ono ambiri, a makamera 4 kapena 8, amagwiritsa ntchito adapta ya 12V, nthawi zambiri ya 1.5A kapena 2A. Adapta imeneyi imagwira ntchito usana ndi usiku osapuma, choncho pakapita zaka imatopa. Chosocheretsa n'chakuti imayatsabe kagetsi ka kutsogolo kaja, moti munthu amati ili bwinobwino.

Pamene imaonekera kufooka ndi pomwe hard disk ikuyamba kuzungulira. Pa masekondi ochepa oyambawo, hard disk yaikulu imakoka mphamvu yofika pafupifupi 2A. Adapta yotopa imalephera, mphamvu imatsika, DVR n'kuzima. Ikayakanso, hard disk iyesanso kuzungulira, basi nkhani yake yomweyo. Mukaona dzina la kampani likutuluka pasikirini, n'kuzima, n'kutulukanso mobwerezabwereza, yambirani pamenepa.

Werengani zimene zalembedwa kunsi kwa DVR, kenako bwerekani adapta yofanana muyesere. Lamulo lake ndi ili: ma volt akhale omwewo ndendende, koma ma amp akhoza kuposa. Adapta ya 12V 3A pamalo pa ya 12V 2A ilibe vuto. Koma chaja cha laputopu, chomwe nthawi zambiri chimatulutsa 19V, chikhoza kuwotcha makina anu ngakhale kamutu kake kakulowa bwino. Onaninso kuti kamutu ka adapta sikakugwedera, chifukwa nako kamazimitsa makina munthu akangogunda tebulo.

Nanga zija zozima dzuwa likalowa? Amisiri ena, pofuna kupulumutsa ndalama, amalumikiza DVR ndi makamera onse ku adapta imodzi. Masana zimayenda. Kukada, makamera amayatsa timagetsi tawo toonera mumdima, n'kuyamba kukoka mphamvu yochuluka, ndipo DVR imatsala ndi njala. Mankhwala ake ndi kuipatsa adapta yakeyake.

Wachiwiri ndi hard disk

Kuyesa kwake n'kosavuta. Zulani pulagi kukhoma, masulani chivundikiro, chotsani mawaya awiri olowa mu hard disk, kenako yatsani. DVR imayaka ngakhale popanda hard disk, kungoti imalira kapena kulemba chenjezo. Ikakhala maola angapo osazima, ndiye kuti vuto lili pa hard disk, kapena pa adapta imene ikulephera kuinyamula. Mukayesa ndi adapta yabwino koma n'kumazimabe hard disk ikalumikizidwa, mwapeza wolakwa.

Tcherani khutu. Hard disk ikamalira kuti tiki-tiki mobwerezabwereza, masiku ake atha. Ma DVR ambiri alinso ndi malo olembedwa S.M.A.R.T. osonyeza thanzi la hard disk. Pogula ina, funsani zopangidwira makamera, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk. Hard disk yochotsedwa mu kompyuta yakale ndi yotchipa, eetu, koma sinapangidwe kuti izilemba maola 24 tsiku lililonse.

Chenjezo lalikulu: musadine Format kapena Initialize musanakopere pa flash mavidiyo amene mukuwafuna. Mukadina, zonse zapita. Ndipo ngati makinawo akadali pa waranti, kapena ndi aja aakulu olowa magetsi a kukhoma mwachindunji popanda adapta, musatsegule nokha.

Kamera imodzi ikhoza kugwetsa zonse

Nthawi ya mvula madzi amalowa molumikizira mawaya panja. Makoswe nawo kudenga amatafuna mawaya. Waya umodzi wowonongeka ukhoza kusokoneza kabokosi konse. Zulani mawaya a makamera onse, mouse ndi flash, musiye sikirini yokha. Ikakhazikika, bwezerani kamera imodziimodzi, mukudikira kanthawi musanawonjezere ina. Imene idzayambitsenso vutolo, tsatani waya wake mpaka komwe wathera.

Kutentha ndi fumbi

Poopa akuba, anthu ambiri amabisa DVR kudenga, pansi penipeni pa malata, kapena mu kabati yotseka. Maganizo ndi abwino, koma mu Okutobala ndi Novembala malo amenewo amasanduka uvuni, makamaka ku Chikwawa ndi ku Nsanje komwe kunja kwenikweniko kumafika madigiri 40. Makina ambiri otere anapangidwa kuti asapyole madigiri 55.

Igwireni. Ngati ikuwotcha dzanja, isuntheni pamalo opita mphepo, chotsani nsalu ndi makatoni amene mwaunjikapo, ndipo pukutani fumbi m'timabowo ndi kaburashi kouma mutazula pulagi. Ngati ili ndi fani, onani ngati ikuzungulira. Yang'ananinso tizitini ting'onoting'ono ta pabolodi, totchedwa ma capacitor. Kamodzi kakatupa pamwamba kapena kutulutsa zamadzimadzi, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri, ndipo kusintha kwake sikufika pamtengo wa makina atsopano.

Magetsi a pakhoma

Kuno kwathu magetsi amayenera kubwera pa 230V, koma tonse tikudziwa mmene mababu amaphethirira mpondamatiki akayatsa wedilo kapena pampu yamadzi ikayamba. Kuphethira kumeneko kwa inu n'kosaoneka kanthu, koma kwa DVR n'kokwanira kuizimitsa. Ichotseni pa ekisitenshoni imodzi ndi filiji, ketulo kapena simbi. Ngati thumba likulola, gulani UPS yaing'ono n'kulumikizapo DVR ndi makamera omwe. Phindu lake lina ndi loti magetsi akathima, kapena mbava ikathimitsa dala pa mita, makamera amapitiriza kujambula kwa kanthawi. A sola, onani ngati sikuzima m'bandakucha pamene batire yatsika.

Mlendo wolowera pa intaneti

Kuonera makamera pafoni n'kokoma, koma khomo lomwelo ena akhoza kulowerapo. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalowa m'makamera ndi ma DVR ambirimbiri padziko lonse, pongoyesa mapasiwedi amene makinawo anabwera nawo kuchokera kufakitale. Mu Okutobala chaka chimenecho, makina ogwidwawo anagwiritsidwa ntchito posokoneza kampani ya Dyn ku America, ndipo anthu ambiri analephera kutsegula Twitter ndi Netflix.

Zulani waya wa intaneti kwa tsiku lathunthu. Kuzima kukasiya, sinthani pasiwedi musanaubwezere, ndipo 12345 kapena admin asakhaleponso. Ngati mukufuna kuika firmware yatsopano, itengeni kwa kampani imene inapanga makinawo, yogwirizana ndendende ndi nambala ya model yanu, ndipo chitani zimenezi DVR ili pa UPS. Magetsi akathima ili mkati, makinawo akhoza kufa osadzukanso.

Nthawi yopita kwa mmisiri

Ngati mwasintha adapta, mwachotsa hard disk, makamera ndi intaneti, koma ikuzimabe, vuto lili pabolodi. Pitani nayo kwa mmisiri pamodzi ndi adapta yake, ndipo muuzeni zonse zimene mwayesa kale kuti asakulipiritseni kawiri. Hard disk yokha itsale kunyumba, chifukwa muli zochitika za pabanja panu kapena za bizinesi yanu.

Ikachira, khalani ndi chizolowezi ichi: kamodzi pasabata, bwezani vidiyo ya usiku wathawu muone ngati palibe mipata. Onaninso deti ndi nthawi. Zikamabwerera m'mbuyo magetsi akathima, kabatire kozungulira ka pabolodi katha, ndipo vidiyo yokhala ndi deti lolakwika imavuta kuigwiritsa ntchito ngati umboni. Ndi ntchito ya mphindi zisanu basi, ndipo kuli bwino mpatawo muupeze nokha Lamlungu masana kusiyana n'kuupeza apolisi ataima pambali panu.