Kasungidwe ka Mauthenga Aatali m'Kompyuta

Anzanga ophunzira, ambiri a ife tinaonapo kaundula wa kuchipatala, m'mene kalaliki amalembamo dzina la wodwala, mudzi wake ndi nthenda yake, chiri chonse m'danga lake. Kompyuta nayonso iri ndi kaundula wotere, amene pa Chingerezi amamutcha database. Ndifuna kulongosola m'mene uthenga wautali umasungikira m'kaundula ameneyu.

Uthenga umodzi wa SMS umalola zilembo 160 zokha. Ukapitirira pamenepo foni imaugawa m'zidutswa, ndipo foni yolandira imazilumikizanso. Mukaikamo chilembo cha ŵ, monga m'dzina la Malaŵi, malirewo amatsika kufika pa zilembo 70, pakuti chilembochi sichiri m'gulu la zilembo zimene anakonzera SMS poyamba.

M'chaka cha 2009 bungwe la UNICEF linayesa m'dziko lino njira yotchedwa RapidSMS, kuti alangizi a zaumoyo azitumiza pa foni kulemera ndi msinkhu wa ana. Njirayi inamangidwa pa pulogalamu ya Django, imene iri ndi womasulira wake wotchedwa ORM. Wolemba pulogalamu amaganiza za mwana kapena uthenga, koma kaundula amangodziwa mizere ndi madanga basi. Nchito ya ORM ndiyo kuima pakati pa awiriwa, monga womasulira wa pabwalo la milandu kuno ku Mangochi amatembenuzira Chiyao m'Chichewa.

Tsono womasulirayu ayenera kuuzidwa kukula kwa danga liri lonse. Mu Django muli madanga a mau amitundu iwiri. Loyamba ndi CharField, limene amaliikira malire, kawirikawiri zilembo 255. Lachiwiri ndi TextField, limene limalandira ngakhale kalata ya masamba ambiri. Uthenga ukaposa malire, akaundula ena amaukana, koma ena amangoudula mchira mwakachetechete.

Taganizani mlangizi ali ku Makanjira, akulembera ku Boma uthenga wa zilembo 300 za mwana wodwala malungo. Mwa mwambo wathu ayamba ndi moni, natchula dzina la mwana ndi mudzi, ndipo pomaliza alemba kuti, “Mankhwala atha, tumizani galimoto lero lomwe.” Ngati danga liri la zilembo 255, wolandira awerenga moni wonse, koma mau opulumutsa moyo atsala panjira, ndipo palibe amene adziwa.

Wina angafunse, bwanji osakulitsa madanga onse? Danga lalifupi liri ndi ubwino wake, chifukwa kompyuta imalindandalika mosavuta ndi kupeza msanga dzina kapena nambala ya foni. Msodzi wa ku Malembo sayezera kampango m'kambale koyezera usipa.

Motero anzanga, amene mudzagwira nchito imeneyi mukatsiriza sukulu, musanamange danga yambani mwafunsa kuti uthenga wautali koposa umene munthu angalembe udzakhala wotani.