Otsuka Majekete a Mpweya m'Mbali mwa Nyanja ya Malawi

Alendo obwera ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay kudzasambira pansi pa madzi amabwerera kwawo akusimba za mbuna zamawangamawanga, miyala ikuluikulu ya pansi pa nyanja ndi mphunzitsi amene anawatsogolera. Mnyamata kapena mtsikana amene analandira zida zawo boti litakocheza satchulidwa kawirikawiri. Komatu iyeyo, amene amatsala ataweramira mgolo wa madzi kuseri kwa nyumba yosungiramo zida, ndiye amachititsa kuti mlendo wa mawa atsike bwino ndi kuvuuka wamoyo.

Pamalo ophunzitsira kusambira pansi pa madzi ntchito imagawidwa. Pali mphunzitsi, pali womuthandiza amene amatsogolera gulu pansi, pali woyendetsa boti, ndipo pali woyang'anira kompuresa yopopera mpweya m'masilinda mpaka kufika mabaa 200. Wosamala zida amabwera pamapeto pa mndandandawu. M'malo ang'onoang'ono munthu mmodzi amasenza ntchito ziwiri kapena zitatu, koma kutsuka ndi kuyanika nthawi zambiri kumagwera amene wangoyamba kumene. Amatsuka magalasi a kumaso, zipsepse za kumapazi, masuti a labala ndi ma regulator opumira. Chida chimene chimafuna chidwi kuposa momwe chimaonekera ndi jekete ya mpweya, imene onse pantchitoyi amangoitchula kuti BCD.

Jekete imeneyi imamangirira silinda kumsana, koma ntchito yake yaikulu ili mkati. Muli thumba losunga mpweya, longa chubu cha njinga m'kati mwa tayala. Paphewa lakumanzere pamatsika paipi yokhala ndi mabatani awiri: lina lolowetsa mpweya kuchokera mu silinda, lina lotulutsa. Palinso mavalavu ena otayira mpweya, paphewa ndi m'chiuno, amene amatseguka ukakoka kachingwe. Wosambira akafuna kumira amatulutsa mpweya. Akafika pamene akufuna, amaonjezera pang'ono kuti angoyandama pakati pa madzi, osagunda miyala, osavundula matope. Majekete amakonowa anachokera ku zovala za m'khosi zofufuma zimene Maurice Fenzy wa ku France anayamba kupanga mu 1961, patapita zaka 18 Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan atapanga chipangizo chopumira pansi pa madzi mu 1943.

Chifukwa chosamalira jeketeyi chimaoneka ukamvetsa zimene madzi amachita ndi mpweya. Pa mamita pafupifupi 10 pansi, kupanikiza kumakhala kowirikiza kawiri kuposa pamwamba. Mpweya umene walowa mu jekete pakuya koteroko umafufuma kawiri munthu akamafika pamwamba. Ndiye taganizani batani lolowetsa mpweya litakanirira chifukwa cha kamchenga kamodzi. Jekete imadzaza yokha, munthu amayamba kukwera, mpweya umafufumirafufumira, liwiro limakula. Malamulo amene ambiri amaphunzira amati usakwere kuposa mamita 18 pa mphindi, ndipo uime mphindi zitatu pa mamita asanu usanatuluke. Wothamangitsidwa ndi jekete sangasunge lamulo lililonse mwa awiriwa. Mapapo ake akhoza kuvulala, ndipo mpweya wa nayitirojeni umene unalowa m'thupi ali pansi ukhoza kuchita thovu m'magazi. Ophunzira amaphunzitsidwa kuzula msanga paipi yobweretsa mpweya kuchokera mu silinda zikatere, koma wosamala zida wabwino salola kuti zifike pamenepo.

Ntchito yake imayamba boti lisanabwerere kumtunda. Pakati pa ulendo woyamba wa pansi ndi wachiwiri, pamene anthu akupumula ola lathunthu kapena kuposa, iye amasintha masilinda, amasunthira majekete pamthunzi, amaonetsetsa kuti zitsulo za mtovu sizinatsamire pa thumba ndiponso kuti petulo wa injini sanadonthere pa nsalu. Akafika kugombe salola kuti jekete ikhwekhwerezedwe pamchenga. Amainyamula paphewa mpaka pa simenti.

Kutsuka kwenikweni kumachitika madzulo. Amayamba ndi kunja: kuviika jekete mu mgolo wa madzi oyera, kutsegula matumba, kuchotsa mchenga m'zomangira, kudina mabatani kangapo ali m'madzi kuti zonse zobisala zituluke. Kenako amalowa mkati, kumene ongoyamba amaiwala. Nthawi iliyonse wosambira akatulutsa mpweya ali pansi, madzi pang'ono amalowerera m'thumba. Choncho wotsuka amadina batani lotulutsa, nathira madzi oyera kudzera pakamwa pa paipi. Amauzira mpweya kuti thumba litukuke, amaigwedeza uku ndi uku, mukumva madzi akuti khuchukhuchu m'kati. Akatero amaizondotsa, paipi ikhale pansi penipeni, nadinanso batani. Madzi oyamba nthawi zina amatuluka obiriwira ndi ndere, kapena ali ndi fungo. Amabwereza mpaka atuluke oyera, ndipo ena amawatulutsira pa mavalavu kuti nawonso atsukike.

Ena amaganiza kuti poti nyanja yathu ilibe mchere, zonsezi n'zosafunika. N'zoona kuti anzawo ogwira ntchito yomweyi ku Tofo ndi ku Pemba ku Mozambique, kapena ku Sodwana Bay ku South Africa, ali ndi mdani wamkulu. Madzi a mchere akauma m'thumba amasiya timiyala takuthwa timene timapala thumbalo mpaka kuliboola, ndipo amaumitsa mabatani. Koma madzi a m'nyanja ya Malawi nawo amanyamula mchenga, matope ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Akatsalira m'thumba lotsekeka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, m'kati mumachita chuku. Jekete yobwereketsa imapita pakamwa pa anthu ambiri, poti aliyense amaphunzira kuiuzira ndi pakamwa. N'chifukwa chake malo osamala amathira mankhwala opha tizilombo oyenera zida zimenezi, ndipo aphunzitsi amaletsa kukoka mpweya wa mu jekete kuti upume.

Kuyanika nako kuli ndi mwambo wake. Pakhomo tinazolowera kuti chochapa chimafuna dzuwa, koma jekete imadana nalo. Dzuwa limasuwitsa nsalu, limafooketsa ulusi ndi kuumitsa labala, ndipo jekete yodzaza mpweya ikatenthedwa imakakamira m'misoko. Wosamala zida amaipachika pamthunzi podutsa mphepo, pa hang'ala yaikulu yosapinda mapewa, paipi italendewera pansi kuti madontho otsala atsikire kumeneko. Amasiyamo mpweya pang'ono kuti mbali ziwiri za thumba zisamatirire. Mpweya umenewu ndi mayesonso: akapeza m'mawa jekete itaphwa, amadziwa kuti ikudontha penapake ndipo amaipatula. M'chipinda chosungira, majekete saunjikidwa pansi pa masilinda, sakhala pafupi ndi zigubu za mafuta, ndipo amatetezedwa ku makoswe ndi mphemvu zimene zimakonda kuluma labala wofewa.

Kusamala kotereku kumasunganso ndalama. Zida zimenezi sizipangidwa kuno. Jekete, valavu, ngakhale kamphete kalabala kotsekera mpweya, zonse zimaitanitsidwa kunja, ndipo jekete imodzi ikafa pakati pa nyengo ya alendo, malo ake amakhala opanda kanthu kwa nthawi. Ntchitoyo payokha si yopepuka. Masilinda amalemera, manja amakhala m'madzi ozizira mwera ukamawomba mu Juni ndi Julayi, ndipo alendo akachepa ganyu nayenso amachepa.

Ngakhale zili choncho, pa mgolo wotsukira m'pamene achinyamata ena a m'mbali mwa nyanja amalowera ntchitoyi. Walira mvula walira matope: wofuna kudzatsogolera alendo ku Otter Point kapena kuzungulira chilumba cha Thumbi amayamba wadziwa fungo la jekete yosatsukidwa bwino ndi kulira kwa valavu yodontha. Akaphunzira masitepe a mabungwe monga PADI, kuyambira satifiketi yoyamba yolola kutsika mamita 18 mpaka kufika pokhala wotsogolera gulu, amakhala atazidziwa kale zida ndi manja ake.

Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zake. Amene amabwera kudzaziona pafupi amadalira zida zosamalidwa bwino. Eni malo ophunzitsira kusambira pansi pa madzi ayenera kuphunzitsa otsuka zida mokwanira, kuwapatsa nthawi yoti agwire ntchitoyo mosathamanga, kuwalipira moyenera, ndi kuwamvera akanena kuti jekete yakuti isalowe m'madzi lero.