Eyakoni ku Primrose: zimene mungachite nokha ndi zimene lamulo lasiyira amisiri olembetsedwa

Primrose ndi dera la mumzinda wa Germiston, pansi pa khonsolo ya Ekurhuleni, kum'mawa kwa Johannesburg. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi kumatentha, mvula yake n'kumagwa masana ndi ziphaliwali. Mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka chisanu kuyera pa udzu m'mamawa, poti derali lili pamtunda wa mamita oposa 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. N'chifukwa chake ambiri amalakalaka eyakoni ya zigawo ziwiri, yomwe imaziziritsa chipinda kukatentha n'kuchitenthetsa kukazizira.

Makinawa amagulitsidwa m'masitolo kwa aliyense, ndipo Amalawi ambiri okhala ku Joni ndi anthu a manja aluso. Munthu akamva mtengo wa mmisiri, amayamba kuwerengera kuti chiboolo ali nacho, makwerero abwereka, ndiye alipirirenji wina? Yankho lili m'malamulo a South Africa, omwe amaigawa ntchitoyi patatu: khoma, gasi ndi magetsi. Chigawo chilichonse chili ndi mwini wake wopereka chilolezo komanso pepala lake.

Makinawo ali motani

Chigawo chimodzi chimapachikidwa m'chipinda, china chimakhala panja ndipo ndicho chili ndi kompuresa. Pakati pake pamadutsa mapaipi awiri a kopa oyendamo gasi, waya wa magetsi ndi kapaipi kotayira madzi. Mphamvu ya makina amailemba mu BTU: a 9,000 BTU ndi pafupifupi makilowati 2.6 a kuziziritsa ndipo amakwanira chipinda chogona chaching'ono, pamene a 12,000 BTU ndi makilowati 3.5. Makina a 12,000 BTU amadya magetsi okwana pafupifupi kilowati imodzi akamagwira ntchito mwamphamvu. Wokhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba, amene magetsi ake amachita kukoka ndi chingwe kuchokera m'nyumba yaikulu, aganizire zimenezi asanagule, chifukwa chingwe chimene chanyamula kale ketulo ndi chitofu chikhoza kutentha.

Khoma: funsani kaye mwini wake

Ngati nyumba ndi ya lendi, kuboola khoma ndi kusintha katundu wa mwini. Mapangano ambiri a lendi amaletsa zimenezi popanda chilolezo cholembedwa. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limalola mwini nyumba kudula pa dipoziti ndalama zokonzera zimene wa lendi wawononga. Choncho gwirizanani polemba zinthu zitatu: kuti walola, kuti makinawo adzakhala a ndani mukamasamuka, ndiponso kuti bowolo adzatseka ndani. Ngakhale uthenga wa pafoni ndi umboni, bola muusunge. Mukasemphana, nkhani imapita ku Gauteng Rental Housing Tribunal, komwe salipiritsa.

M'mafulati ndi m'mipanda ya nyumba zambiri muli lamulo linanso, la Sectional Titles Schemes Management Act la 2011. Ngakhale fulatiyo munagula, malire anu amathera pakati pa khoma, ndipo mbali ya kunja ndi ya eni nyumba onse pamodzi. Kukhomapo chitsulo kapena kusintha maonekedwe a kunja kumafuna chilolezo cholembedwa cha matrasiti, anthu osankhidwa kuyendetsa bungwe la eni nyumba. Iwo amayang'ana pamene makina a panja akhale, phokoso lake ndi kumene madzi azidonthera. Wa lendi sapita yekha kwa matrasiti, amadzera kwa mwini fulati. Akakukanizani popanda chifukwa chomveka, dandaulo limapita ku Community Schemes Ombud Service, bungwe la boma loweruza mikangano ya m'malo otere. Amene wayamba waboola asanafunse akhoza kulamulidwa kuchotsa makina ndi kukonza khoma ndi ndalama zake. Paja safunsa anadya phula.

Gasi: ntchito ya wokhala ndi khadi

Lamulo lalikulu pano ndi Occupational Health and Safety Act la 1993, lomwe limayang'aniridwa ndi Department of Employment and Labour. Pansi pake pali malamulo a Pressure Equipment Regulations a 2009, amene amati woika kapena kuchotsa makina oyendera gasi akhale munthu wovomerezeka. Kaundula wa anthu oterewa amasungidwa ndi bungwe la SAQCC Gas, ndipo amisiri a mafiriji ndi maeyakoni amalembetsa kudzera ku SARACCA, bungwe la makontirakitala a ntchitoyi. Wolembetsedwa amapatsidwa khadi lokhala ndi chithunzi chake, nambala, mtundu wa ntchito imene waloledwa ndi tsiku limene khadilo lidzathe. Akamaliza ntchito amalemba setifiketi yotchedwa Certificate of Conformity.

Boma silinaike zimenezi pofuna kuvutitsa anthu. Gasi wa m'makina a masiku ano, R410A kapena R32, amatha kupanikizika kuposa kakhumi mpweya wa m'tayala la galimoto. Akatuluka ali wamadzi amazizira kupitirira madigiri 50 pansi pa ziro, moti akakhudza khungu amaliwotcha ndi chisanu, ndipo akalowa m'maso akhoza kuchititsa khungu. R32 amathanso kuyaka akakumana ndi lawi pamalo pamene mpweya suyenda bwino.

Palinso nkhani ya chilengedwe. Pangano la Montreal la 1987 linayamba kuthetsa magasi owononga ozoni, ndipo South Africa inakhwimitsa malamulo ake pa gasi wakale wa R22 mu 2014. Mu 2016 maiko anawonjezera panganolo ku Kigali kuti achepetsenso magasi otenthetsa dziko. Malawi inavomereza chiwonjezerocho mu 2017, South Africa mu 2019. Kilogalamu imodzi ya R410A ikathawira mumlengalenga imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu pafupifupi 2,088 a mpweya wa kaboni, pamene ya R32 ndi 675. Chifukwa cha malamulo a 2014 aja, eyakoni ya kaunjika yoyendera R22, ngakhale itchipe bwanji, ndi katundu amene gasi wake akunka nasowa.

Ntchito yeniyeni ya mmisiri ili pa mfundo zolumikizira mapaipi. Amadula paipi, kukulitsa mlomo wake ndi chida chapadera, n'kumanga nati ndi sipanala yoyeza mphamvu. Akamanga mopitiriza, kopa amang'aluka, ndipo akamanga mosakwanira, gasi amatha pang'onopang'ono. Kenako amayesa ngati pakudontha pogwiritsa ntchito naitirojeni, n'kukoka mpweya wonse ndi chinyezi m'mapaipi ndi pampu ya vakyumu asanatsegule gasi. Chinyezi chikatsalira chimasakanikirana ndi mafuta a kompuresa n'kuyamba kuidya mkati. Vuto lake makina amayaka bwinobwino tsiku loyamba, kuwonongeka kumadzaoneka patapita miyezi, wolakwayo atasowa kalekale.

Magetsi: setifiketi yachiwiri

Magetsi a ku Primrose amagawidwa ndi khonsolo ya Ekurhuleni, yomwe imagula kwa Eskom, koma za mawaya a m'nyumba zili m'manja mwa mwini nyumba. Malamulo a Electrical Installation Regulations a 2009 amati mwini kapena wobwereketsa nyumba akhale ndi setifiketi yotchedwa Certificate of Compliance, yotsimikiza kuti mawaya akutsata muyezo wa SANS 10142-1. Mukawonjezera kanthu pa mawayawo, monga kukoka waya watsopano kuchokera pa bokosi la magetsi kapena kuika switchi yodulira magetsi pafupi ndi makina, pamafunika setifiketi yowonjezera ya gawo latsopanolo. Amene angailembe ndi munthu wolembetsedwa ku Department of Employment and Labour yekha, ndipo kontirakitala wa magetsi nayenso ayenera kukhala wolembetsedwa komweko.

Anthu amasokonezeka chifukwa mapepala onse awiri, la gasi ndi la magetsi, amangowatchula kuti CoC. Ndi mapepala osiyana, ochokera m'makaundula osiyana. Mmisiri wa eyakoni akhoza kukhala ndi khadi la gasi koma wopanda ufulu wosainira za magetsi. Mufunseni ngati ali ndi zonse ziwiri, kapena ngati abwera ndi mnzake wa magetsi.

Mapepalawa amaoneka achabe mpaka tsiku limene afunidwa. Pogulitsa nyumba, setifiketi ya magetsi siyenera kupitirira zaka 2 chiilembereni, ndipo ikhale yokhudza zonse zimene zinawonjezeredwa. Kukabuka moto, a inshuwalansi amafufuza chimene chauyambitsa, ndipo waya woikidwa popanda setifiketi ukhoza kuwapatsa chifukwa chokanira kulipira. Opanga makina ambiri nawonso amalemba m'galanti yawo kuti makina aikidwe ndi mmisiri wovomerezeka. Werengani pepalalo musanalipire.

Nanga mungachite chiyani nokha?

Zambiri ndithu. Mungathe kuyeza chipinda ndi kusankha makina oyenera. Mungathe kupeza zilolezo, kusankha malo oti makina a panja azipuma bwino osawombera mpweya wotentha pawindo la aneba, ndi kuwaika pamene akuba mapaipi a kopa sangafike mosavuta. Ngati mwagwirizana ndi mmisiri, mukhoza kuwaka kapulatifomu ka simenti kapena kuboola khoma pamene iye wasonyeza, kuti mtengo utsikeko. Pambuyo pake kutsuka masefa, kuchotsa masamba pa makina a panja ndi kuonetsetsa kuti kapaipi ka madzi sikanatsekeke ndi ntchito yanu. Poti derali limavutika ndi ziphaliwali komanso magetsi obwera mwamphamvu akamayakanso atazima, funsani wa magetsi za chida chotetezera makina.

Amene safuna zonsezi ali ndi njira ina: eyakoni ya matayala yongolumikiza pa soketi, paipi yake n'kutulutsira pawindo. Imasokosera ndipo imadya magetsi ambiri poyerekeza ndi kuziziritsa kwake, koma sifuna kuboola khoma kapena kutsegula gasi, ndipo posamuka mumangonyamula.

Posankha mmisiri

Pemphani makoteshoni olembedwa kwa amisiri angapo, ndipo muyerekeze zimene zili m'kati, osati mtengo wokha. Mtengo wolengezedwa nthawi zambiri umakhala wa mapaipi a mamita ochepa, pamene makina a m'kati ndi a panja ali pakhoma limodzi. Mamita owonjezera, gasi wowonjezera, zitsulo zopachikira, switchi ndi masetifiketi zimalipiridwa padera ngati sizinalembedwe. Onani khadi ndi maso anu, tengani nambala yake ndi kuifufuza m'kaundula wa SAQCC Gas pa intaneti. Khadilo likhale la munthu amene agwire ntchitoyo kapena kuiyang'anira, osati la bwana amene sadzapondapo phazi. Musalipire ndalama zonse ntchito isanathe. Pa tsikulo, onani ngati wabwera ndi pampu ya vakyumu. Amene akungotsegula gasi pang'ono kuti akankhe mpweya m'mapaipi akudula njira, ndipo akutayira gasi mumlengalenga. Ndalama yomaliza iperekedwe mutalandira lisiti, masetifiketi ndi pepala la galanti lolembedwa nambala ya makina.

Zinthu zikalakwika

Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limateteza wogula aliyense, nzika ndi mlendo yemwe. Gawo 54 limati ntchito yolipiridwa igwiridwe mwa luso loyenera, ndipo ikalakwika mungalamule kuti ikonzedwe kapena mubwezeredwe gawo la ndalama. Gawo 56 limapereka miyezi 6 yobwezera katundu wowonongeka, ndipo wogula ndiye amasankha pakati pa kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Gawo 57 limaika galanti ya miyezi 3 pa ntchito yokonza ndi zipangizo zake.

Yambani ndi kalata kwa wogulitsa kapena mmisiri. Akapanda kuyankha, pitani ku Consumer Goods and Services Ombud kapena ku National Consumer Commission. Za khadi ndi setifiketi ya gasi zimapita ku SAQCC Gas, za magetsi ku Department of Employment and Labour. Ngati ndalama zimene mukufuna ndi zochepa (mu 2019 malire anali R20,000), pali khoti la milandu ing'onoing'ono, Small Claims Court, lomwe mumalifunsa ku khoti la majisitireti la Germiston. Kumeneko maloya saloledwa kuimira munthu. Mumayamba mwapereka kalata yopatsa winayo masiku 14 oti alipire. Zitseko zonsezi zimatseguka kwa amene ali ndi lisiti ndi dzina lenileni la amene anagwira ntchito. Woika yekha makina alibe woti amusumire, ndipo madzi akawononga khoma la aneba kapena waya ukayatsa moto, mlandu ndi wake.

Kwa amene ali ndi luso koma alibe khadi

Pali abale ambiri amene anaphunzira ntchito ya mafiriji kumudzi, ena ali ndi mapepala a TEVETA, ena anaphunzirira pa ganyu. Kugwira popanda khadi kumawasiya pa mitengo yotsika, ndipo kasitomala akakana kulipira amasowa polowera. Njira yolowera m'kaundula ilipo kwa amene ali ndi chilolezo chogwirira ntchito m'dzikomo. Mapepala a kunja amayesedwa ndi bungwe la SAQA. Amene ali ndi zaka zambiri pa ntchito angapemphe kuti luso lawo lizindikiridwe kudzera m'ndondomeko ya ARPL, n'kukalemba mayeso a umisiri pa malo ovomerezeka, monga INDLELA ku Olifantsfontein, m'Ekurhuleni momwemo. Pofuna khadi la gasi, munthu amachita maphunziro a kagwiridwe kabwino ka gasi pa sukulu yovomerezeka, n'kupereka umboni wa ntchito zake ku SARACCA.

Ndalama imene mumapereka kwa mmisiri wolembetsedwa imagula zinthu ziwiri: luso la manja ake ndi siginecha yake. Ndi siginechayo iye amavomera kuti ntchitoyo ikalakwika, adzayankha ndi iyeyo. Musanasankhe kugwira nokha, werengerani mtengo wa kompuresa yatsopano, dipoziti ya nyumba ndi inshuwalansi imene ingakanidwe, kenako muyerekeze ndi koteshoni imene ili m'manja mwanu.