Mafani a kompyuta: wogulitsa ayambe wawerenga mapini

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kukafika, makompyuta a patebulo m'mashopu osindikiza zikalata ndi oikira nyimbo amayamba kulira ngati chigayo, ena kumazima okha pakati pa ntchito. Nthawi zambiri vuto limakhala fani yotopa kapena yodzaza fumbi. Apa pali msika kwa ogulitsa zipangizo zamakompyuta, bola adziwe zomwe akupikula.

Mafani a m'bokosi la kompyuta amayendera magetsi a 12V ndipo masayizi odziwika ndi 80mm, 92mm, 120mm ndi 140mm. Fani yaikulu imakankha mpweya wochuluka ngakhale ikuzungulira pang'onopang'ono, n'chifukwa chake ya 120mm siisokosa ngati ya 80mm. Komabe kasitomala ayeze kaye malo omangirapo fani pa bokosi lake.

Kusiyana kwakukulu kuli pa pulagi. Fani ya pulagi ya Molex, yolumikizidwa mwachindunji ku power supply, imathamanga liwiro limodzi usana ndi usiku, kaya kukutentha kaya kukuzizira. Ya mapini atatu imatha kuchepetsedwa liwiro pokhapokha motherboard ikakhala yotha kutsitsa mphamvu ya magetsi opita kwa iyo. Ya mapini anayi, yolembedwa PWM, ndiyo imamvera bwino: makina akatentha imathamanga, akazizira imabwerera pansi, phokoso n'kuchepa. Liwiroli amalikonza mu BIOS. Palinso mafani okhala ndi kachipangizo kawo koyezera kutentha, monga Arctic F12 TC, othandiza pa makompyuta akale.

Papaketi pamakhala manambala atatu: RPM ndi liwiro, CFM ndi kuchuluka kwa mpweya, dBA ndi phokoso. Wofuna bata asankhe ya dBA yotsika koma CFM yokwanira. Mafani otsika mtengo a sleeve bearing amauma mafuta msanga pamalo otentha. A ball bearing ndi fluid dynamic bearing amakhalitsa. Mayina ngati Noctua ndi be quiet! ndi okwera mtengo, choncho wa mpamba wochepa angawaode pokhapokha kasitomala atalipiriratu.

Chenjezo lili pa makompyuta a kaunjika. Ena a Dell ndi HP ali ndi mapulagi awoawo, ena a mapini asanu, omwe salandira fani wamba popanda adaputala. Kupempha kasitomala kuti abweretse fani yakaleyo kapena chithunzi cha pulagi kumapewetsa mkangano wobweza ndalama.

Pomanga, fani yakutsogolo ilowetse mpweya, yakumbuyo itulutse. Mbali yomwe ili ndi timitanda togwira mota ndiyo yotulukira mpweya. Fani iliyonse iyesedwe kasitomala akuona, ndipo yomwe ikukhula kapena kunjenjemera ibwezedwe kooda isanawononge mbiri ya shopu.