MBALE ZA JAZI ZA MAKOLO ATHU: MUSAZITAYE

Nkhani yolankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa ku Mponela

Lero sindikamba za feteleza kapena za nazale ya fodya, koma za chuma china chimene chiri kuonongeka m'nyumba zathu ife osadziwa.

Tsiku lina poyendera alimi ndinapempha madzi akumwa pakhomo pena. Pamene mayi wa pamenepo anavundukula mtsuko, ndinaona kuti chivundikiro chake chinali mbale ya galamafoni yolembedwa Gallotone. Anandiuza kuti malemu apongozi ao anabwera nazo zodzaza bokosi pochokera ku Joni, koma ana anaziswa posewera, ndipo inatsala imeneyo yokha. Mbale zotere sizipangidwanso, ndipo zina zatsala zowerengeka pa dziko lonse. Chifukwa chake ndifuna mudziwe mitundu yake, kamvekedwe kake ndi kasungidwe kake.

Mtundu woyamba ndiwo mbale yolemera ya 78. Nambalayo itanthauza kuti mbale izungulira ka 78 pa mphindi imodzi. Inapangidwa ndi shellac, ndiwo utomoni wochokera kwa tizilombo ta m'mitengo ya ku India, ndipo isweka msanga monga phale. Mbali imodzi itenga mphindi 3 kapena kupitirira pang'ono. Pa mbale imeneyi lipenga, chitoliro ndi mau a munthu zimveka mwamphamvu, koma besi imveka patali, ndipo pansi pa nyimbo pali kaphokoso konga mvula yowaza pa malata. Kaphokosoko si chizindikiro chakuti mbale yafa; ndi chibadwa chake.

Mukapeza ya 78 yolembedwa Skokiaan, igwireni ndi manja awiri. Nyimboyi anaipeka August Musarurwa, woimba sakisofoni ku Bulawayo, ndipo inatchuka kufikira Louis Armstrong anaijambulanso ku America mu 1954. Sunganinso mbale za Spokes Mashiyane, katswiri wa chitoliro cha kwela ku Johannesburg. Tom Hark ya Elias and His Zig-Zag Jive Flutes, imene inagulidwa kwambiri ku Britain mu 1958. Ndi za Alick Nkhata, amene makolo athu ankamumva akuimba m'Chinyanja pa wailesi ya ku Lusaka.

Mtundu wachiwiri ndiwo mbale yopepuka ya pulasitiki yotchedwa vinyl. Yaikulu, ya LP, inayamba mu 1948 ndipo izungulira ka 33 ndi pang'ono. Yaing'ono ya 45 inatsatira mu 1949. Timizere take nting'onoting'ono ndi tothithikana, kotero mbali imodzi ya LP itenga mphindi ngati 20. Kaphokoso kachepa, ndipo besi ndi ng'oma zimveka bwino. Pamenepa oimba jazi anapeza mpata wotambasula nyimbo. Mannenberg ya Dollar Brand, ya mu 1974, ipitirira mphindi 13, ndipo pa 78 sikadakwana. Osonkhanitsa mbale afunafunanso Kind of Blue ya Miles Davis, ya mu 1959, ndi Verse 1 ya The Jazz Epistles, ya mu 1960, m'mene muli Hugh Masekela, Kippie Moeketsi, Jonas Gwangwa ndi Dollar Brand yemweyo.

Tsono tibwere kwathu kuno. M'Malawi dzina lakuti jazi linafika ndi kumidzi komwe, kwa anyamata oimba banjo, gitala ndi babatoni, ndiyo besi ya chingwe chimodzi. Nyimbo zao zambiri sizinalowe pa mbale konse, koma zinajambulidwa pa tepi, makamaka ndi MBC imene inayamba mu 1964. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anatenga kwela naisandutsa yaoyao. Gerhard Kubik wa ku Vienna anakomana nao mu 1967 nawajambula, ndipo pambuyo pake anamveka ndi ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Alan Namoko wa ku Thyolo, wosaona, anaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu Jazz. Chimbale chake Ana Osiidwa chinatuluka mu 1992, ndipo iye anamwalira mu 1995. Ambiri a ife tinawadziwa anthu amenewa kupyolera pa wailesi ndi pa kaseti.

Kaseti iri ndi vuto limene mlimi ali yense alidziwa. Mukabzala chimanga cha haibulidi chochokera m'nkhokwe, chaka chiri chonse zokolola zitsika. Momwemonso kaseti yojambulidwa kuchokera ku kaseti inzake: ulendo uli wonse mau akuthwa achepa ndipo phokoso lichuluka. Chifukwa chake kaseti yoyamba, ya chikuto chake chosindikizidwa, iposa makope khumi a pamsika.

CD, imene inayamba mu 1982, iribe kaphokoso kakekake, koma ingopereka zimene inapatsidwa: ikatengedwa ku tepi yabwino imveka bwino, ikatengedwa ku kaseti yotopa imveka yotopa. Nyimbo za MP3 za m'mafoni zichepetsedwa potayako mau ena kuti zambiri zikwane pa kakhadi. Kuonjezera apo, kasipika ka foni sikatha kutulutsa mau apansi. Mukamvera Kachamba pa foni, babatoni isowa, ndipo mwana aganiza kuti nyimboyo inali yopanda msana. Mumumveretse pa sipika yaikulu, adzazindikira chimene agogo ake ankavinira.

Tamverani tsono malangizo awa:

1. Mbale muziimike chiriri, musazisanjikize. Zikhale kutali ndi dzuwa, moto ndi denga la malata, pakuti vinyl ipindika ndi kutentha.

2. Bokosi likhale pathandala, osati pansi, chifukwa chiswe chidya zikuto, ndipo chinyezi cha dzinja chibweretsa nkhungu pa mbale ndi pa tepi pomwe.

3. Musaike LP kapena 45 pa galamafoni yopukusa. Singano yake yachitsulo ndi yolemera, ndipo ilima timizere ulendo umodzi wokha. Pa 78, singanoyo isinthidwe pafupipafupi.

4. Musapukute 78 ndi sipiriti kapena kachasu, pakuti shellac isungunuka. Kansalu kofewa konyowa pang'ono nkokwanira, koma pepala la pakati lisanyowe.

5. Kaseti isagone pamwamba pa sipika, chifukwa maginito ake afafaniza mau.

6. Lembani m'kope dzina la woimba, la nyimbo ndi nambala ya pa mbale. Mukapeza wodziwa kompyuta, akukopereni nyimbozo mwa mtundu wa WAV, umene sutaya mau, koma mbale yeniyeniyo musaitaye. Imeneyo ndiyo mbewu.

Mayi uja ndinampezera chivundikiro china, ndipo mbale yake tsopano iri m'chikuto. Inunso madzulo ano tsegulani bokosi la agogo, muone chimene chatsalamo.