Chifuwa Chokoka Mtima: Kodi Vitamini C Angachize Mwana?

M'zaka za 2020 ndi 2021, pamene mliri wa Covid-19 unavuta, ambiri a ife tinazolowera kuthamangira mandimu, jinja ndi mapiritsi a vitamini C tikangomva kukhosi kukukanda. Chizolowezicho sichinathe. Lero pali mau amene akuyenda pa mafoni ndi pakamwa, akuti mwana wodwala chifuwa chokoka mtima safunika katemera kapena chipatala, koma kungomumwetsa vitamini C wambiri. Kuno ku Thyolo, kumene mayi wothyola tiyi amawerenga tsiku lililonse limene wajomba, mau oterewa amakoma m'khutu. Tiyeni tiwaone bwino tisanawalandire.

Matendawa ndi otani?

Chifuwa chokoka mtima chimayamba ndi kachilombo ka mtundu wa bakiteriya kotchedwa Bordetella pertussis, kamene Jules Bordet ndi Octave Gengou anakapeza ku Belgium mu 1906. Kamayenda mu mpweya pamene wodwala akutsokomola kapena kuyetsemula. M'nyumba za m'malaini, momwe ana ndi akulu amagona mothithikana, sikachedwa kugwira banja lonse.

Pa sabata yoyamba kapena yachiwiri matendawa amaoneka ngati chimfine wamba. M'nyengo ya chiperoni ndani angadabwe ndi mwana wa mamina? Komatu imeneyi ndiyo nthawi imene wodwala amapatsira anzake kwambiri. Kenaka chifuwa chimasintha. Mwana amatsokomola motsatizana osapuma mpaka maso kufiira, pomaliza nkukoka mpweya ndi liwu loti hwii, ndipo kawirikawiri amasanza. Usiku ndiye zimanyanya. Kachilomboka kamatulutsa poizoni amene amaononga timaubweya tating'ono ta m'njira ya mpweya, timene ntchito yake ndi kusesa makhololo. Tsache likathyoka zinyalala zimaunjikana. Nchifukwa chake chifuwachi chimatha miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale kachilomboko katafa kale. Ku China amachitcha chifuwa cha masiku 100.

Nanga za vitamini C zinachokera kuti?

Sizinayambe lero ai. Mu 1936 dokotala wina wa ku Japan, dzina lake Otani, ndiponso mu 1937 madokotala awiri a ku Canada, Ormerod ndi Unkauf, analemba kuti ana amene anawapatsa vitamini C anapezako bwino msanga. Nthawi imeneyo kunalibe mankhwala opha kachilomboka, choncho sitingawadzudzule poyesa. Koma sanawayerekeze bwino anawo ndi ana ena amene sanalandire vitaminiyo. Mu 1938 Douglas Gairdner wa ku Britain anachita chimene chinasowacho: anagawa ana odwala m'magulu awiri, ena nkuwapatsa vitamini C, ena ai. Kusiyana kumene anapeza kunali kochepa, kosakwanira kutsimikiza kuti vitaminiyo wachiza. Mpaka lero palibe kafukufuku wodalirika amene waonetsa kuti vitamini C amapha kachilomboka m'thupi la mwana.

Tsono nchifukwa chiyani anthu ena amalumbira kuti anaona okha akugwira ntchito? Sakunama, koma sanaone bwino. Kwa mwana wamkulupo chifuwachi chimachepa chokha pang'onopang'ono. Makolo amayesa ichi, amayesa icho, ndipo mankhwala amene agula pa sabata yachisanu ndi chimodzi ndiwo amalandira ulemu. Ali ngati mlendo amene wafika nsima itapsa kale, anthu nkumamuyamika kuti ndiye waphika. Tikumbukirenso kuti mu 2024 matendawa anabuka kwambiri ku England, ndipo makanda anamwalira. Kumeneko malalanje ndi mapiritsi a vitamini C ndi osasowa m'sitolo iliyonse.

Apa pasakhale wondimva molakwa. Vitamini C ndi wofunika m'thupi: amathandiza zilonda kupola ndi nkhama kulimba. Koma malo ake ndi m'mbale. Gwafa ali ndi vitamini C wochuluka kuposa lalanje, ndipo mapapaya, mango, malambe ndi ndiwo zamasamba zosapsetsa kwambiri ali nayenso. Mwana wodwala adye zimenezi, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, makamaka akangotha kusanza. Thupi likalandira vitamini woposa muyeso limautaya mu mkodzo, ndipo wotsala m'matumbo amatsegula m'mimba. Taganizani mwana amene akusanza kale, tsopano atsegulenso m'mimba. Madzi m'thupi mwake atsala angati?

Khanda ndilo lili pangozi

Amene amafa ndi matendawa kwambiri ndi makanda osakwana miyezi itatu. Khanda nthawi zambiri silikoka mtima monga mwana wamkulu, mwina silitsokomola nkomwe. Limangosiya kupuma kwa kanthawi, milomo ndi lilime nkuda bii, kapena kulephera kuyamwa, kapena kukomoka. Ena amadwala chibayo. Mukaona chimodzi mwa zimenezi musadikire kuti kuche, ndiponso musadikire tsiku la malipiro. Pitani ku kiliniki ya pa esiteti kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo akakutumizani ku chipatala chachikulu cha boma ku Thyolo, kumene chithandizo ndi chaulere, pitani tsiku lomwelo. Kumeneko khanda lingathe kulandira mpweya wa okosijeni ndi kudyetsedwa pamene likulephera kuyamwa. Mwana wosakwana miyezi 6 asalandire madzi a mandimu. Bere lokha likwanira. Uchi ndi woletsedwa kwa mwana wosakwana chaka.

Nkofunika kunena zoona za mankhwala a kuchipatala, monga erythromycin ndi azithromycin. Akaperekedwa msanga, matenda asanakhwime, amachepetsa ukali wake. Akaperekedwa mochedwa chifuwa sichileka pomwepo, pakuti tsache lija linathyoka kale. Apa ndi pamene makolo ena amataya mtima nati achipatala alephera, nkutembenukira ku mapiritsi a pamsika. Koma mankhwalawo agwira ntchito ina yaikulu: pakatha masiku 5 akumwa, wodwala sapatsiranso anzake, pamene wosamwa amafalitsa matendawa pafupifupi masabata atatu. Mwana wa sukulu akamaliza mankhwala ake, ndiye kuti wateteza mng'ono wake amene ali kumsana. Vitamini C sangachite zimenezi.

Katemera ndi ufulu wa mwana

Gawo 30 la Malamulo Aakulu a dziko lathu a mu 1994 likuti boma lionetsetse kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana wolandira chithandizo cha zaumoyo. Katemera wa ana ku sikelo ndi waulere. Kale tinkamudziwa ndi dzina loti DPT, ndipo kuyambira mu 2002 Malawi amapereka jekeseni imodzi yoteteza matenda asanu, kuphatikizapo chifuwa chokoka mtima. Mwana amabayidwa katatu: ali ndi masabata 6, masabata 10 ndi masabata 14. Kamodzi kokha sikakwanira.

Onani bwino masiku amenewa. Lamulo la za ntchito la mu 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, kamodzi pa zaka zitatu. Ndiye kuti jekeseni yachiwiri kapena yachitatu ingathe kufika mayi atabwerera kale kumunda wa tiyi, dengu lili kumsana. M'miyezi ya dzinja, pamene tiyi waphuka kwambiri ndipo aliyense akuthamangira makilo, nkosavuta kuphonya tsiku la sikelo. Palibe lamulo loti wonyamula mwana kupita ku sikelo akhale mayi yekha. Bambo, agogo kapena azakhali angathe kupita naye, bola atenge buku lake la kuchipatala. Pa msonkhano wa mphakati tingathe kufunsana za mabuku amenewa ndi kugawana masiku operekeza ana.

Ngati mwana wanu anaphonya jekeseni, musaope kukalipiridwa ndipo musaganize kuti mwachedwa. Mwana wotere sayambiranso pachiyambi; amangopitiriza pamene analekezera. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu tsiku limene sikelo ikubweranso.